Phokoso la Ndege za pa Heathrow ndi Anthu Okhala Pansi pa Njira Yake

Bwalo la ndege la Heathrow lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 23 kumadzulo kwa pakati pa mzinda wa London. Lili ndi misewu iwiri yokha yoterapo ndi kunyamukirapo ndege, koma pa misewu iwiriyo pamatera ndi kunyamuka ndege pafupifupi 1,300 tsiku lililonse. Mu 2024 padadutsa apaulendo pafupifupi 84 miliyoni, kuposa pa bwalo lina lililonse ku Ulaya. Heathrow imaposanso anzake pa chiwerengero cha anthu amene ndege zimawasokosera ali m'nyumba zawo. Kawerengedwe ka m'zaka za m'ma 2000 kadapeza kuti anthu oposa 700,000 amakhala m'dera limene phokoso la bwaloli ndi lalikulu ndithu, ndipo chiwerengerochi chinkaposa gawo limodzi mwa magawo anayi a anthu onse a ku Ulaya okhala m'phokoso la ndege lotere.

Gwero la vutoli ndi malo amene bwaloli lidamangidwa. Kale kumeneko kudali kamudzi kotchedwa Heath Row, kozunguliridwa ndi minda ya masamba ndi zipatso zimene alimi ankakagulitsa m'misika ya ku London. Mu 1944, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, boma lidatenga malowo pogwiritsa ntchito mphamvu za nthawi ya nkhondo, kamudziko nkugwetsedwa popanda kufunsa maganizo a anthu monga zikadakhalira pa nthawi ya mtendere. Ndege zonyamula anthu zidayamba kuuluka kuchokera pamenepo mu 1946. Zidali ndege zochepa, zoyendera mapulopela. Ndege za jeti zidayamba kuchuluka cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo madandaulo a anthu adakula nthawi yomweyo.

Mphepo ndiyo imalamula

Ndege imatera ndi kunyamuka moyang'anana ndi mphepo, chifukwa mphepo yochokera kutsogolo imathandiza mapiko kunyamula ndegeyo isanathamange mtunda wautali. Kummwera kwa England mphepo imakonda kuwomba kuchokera kumadzulo, ndipo misewu yonse iwiri ya pa Heathrow idayalidwa kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo. Choncho pa masiku pafupifupi 7 mwa masiku 10 alionse, ndege yofuna kutera imayenera kubwera kuchokera kum'mawa, ndipo kum'mawako ndi kumene kuli mzinda wonse. Ndege zimafola pamwamba pa London, kudutsa madera ngati Putney, Barnes, Richmond, Kew, Isleworth ndi Hounslow, iliyonse ikutsatira inzake patangopita masekondi pafupifupi 90. Kukada, munthu woima ku Hounslow nkuyang'ana kum'mawa amaona nyali za ndege zinayi kapena zisanu zitandandalikana mumlengalenga, zonse zikubwera kumene iye ali.

Ndege yotera imatsika pa ngodya ya madigiri 3, kutanthauza kuti pa kilomita iliyonse imatsika mamita opitirira pang'ono 50. Ikatsala ndi makilomita 10 imakhala pa mamita pafupifupi 500 kuchokera pansi, ikatsala ndi makilomita awiri imakhala itatsikira pa mamita ongopitirira pang'ono 100. Pamenepo matayala amakhala atatuluka kale, mapiko atatambasulidwa, ndipo phokoso lambiri limachokera ku mphepo yowomba pa zitsulo zimenezi, osati ku injini zokha. Mumsewu wa Myrtle Avenue, pafupi ndi Hatton Cross, ndege imadutsa pafupi kwambiri ndi madenga moti munthu amatha kuwerenga malemba a pamimba pake. Okonda kuonera ndege amabwera ndi mipando ndi makamera nkukhala tsiku lonse pa kabwalo ka udzu kumapeto kwa msewuwo. Iwo dzuwa likalowa amapita kwawo, eni nyumba nkutsala nalo phokoso. M'misewu ina yapafupi, kamvuluvulu amene mapiko a ndege yaikulu amasiya m'mbuyo amatsika mpaka pa denga nkusasula matailosi, ndipo bwalo la ndege lili ndi ndondomeko yokonzera madenga oterewa mwaulere.

Ndege zikachuluka kuposa zimene msewu ungalandire, owongolera ndege amaziuza kuti zidikire pozungulirazungulira pa malo anayi: Bovingdon, Lambourne, Ockham ndi Biggin. Yotsikitsitsa imakhala pa mamita pafupifupi 2,100, zinazo zili pamwamba pake motalikirana mamita 300. Zikachoka pamenepo zimakhotera ku mzere wokaterera, ndipo malo amene zimalowera mumzerewo ndi amene amachititsa kuti anthu a kummwera chakum'mawa kwa London, makilomita oposa 20 kuchokera pabwalo, nawonso azidandaula.

Chinthu chimene anthu a pansi pa njirayi amachitenga ngati chamtengo wapatali ndi kusinthana kwa misewu, kumene kudayamba m'zaka za m'ma 1970. Mphepo ikamachokera kumadzulo, msewu umodzi umalandira ndege zotera kuyambira m'mawa mpaka 3 koloko masana, winawo ukunyamutsa. Ikakwana 3 koloko amasinthanitsa, ndipo sabata yotsatira dongosolo limatembenuka. Motero banja la ku Kew kapena ku Hounslow limadziwa pasadakhale theka la tsiku limene lipumeko. Anthu amayang'ana ndandanda imeneyi akafuna kuitana alendo, kugoneka khanda masana kapena kukhala panja m'nyengo yotentha. Phokoso la tsiku lonse silichepa ngakhale pang'ono chifukwa cha kusinthanaku. Chimene munthu amapindula ndi kudziwa kuti pa ola lakutilakuti lileka, ndipo aliyense amene adakhalapo pamalo aphokoso angavomereze kuti phindu limeneli si laling'ono.

Mphepo ikatembenuka nkumachokera kum'mawa, mpumulowo sukhalapo. Mu 1952 boma lidalonjeza pakamwa anthu a ku Cranford, mudzi umene uli kumapeto kwa msewu wa kumpoto, kuti ndege sizidzanyamuka modutsa pamwamba pawo. Lonjezolo lidateteza Cranford koma lidasenzetsa ena katundu, pakuti ndege zonse zimanyamukira pa msewu wa kummwera, zotera zonse nkumadutsa pa Windsor ndi midzi yoyandikana nayo kuyambira m'mawa mpaka usiku. Boma lidalengeza mu 2009 kuti panganoli latha, koma kuti misewu izisinthana pankafunika kumanga tinjira tatsopano toyendamo ndege pansi, ndipo ntchito imeneyo idatsakamira kwa zaka zoposa 10.

Kodi phokoso limayezedwa bwanji?

Mkangano waukulu pakati pa bwalo la ndege ndi anthu oyandikana nalo wagona pa kayezedwe. Phokoso limayezedwa m'madesibelo, ndipo muyeso umenewu sukwera mofanana ndi mamita kapena makilogalamu. Kuwonjezera madesibelo 3 ndi kuwirikiza kawiri mphamvu ya phokoso, koma khutu la munthu limangomva kusiyana pang'ono. Kuti munthu anene kuti phokoso lakula kawiri, pamafunika kuwonjezera madesibelo pafupifupi 10.

Boma la Britain limaphatikiza phokoso la ndege zonse zimene zadutsa kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 11 koloko usiku, nkuligawa mofanana pa maola 16 amenewo. Kwa zaka zambiri, potsatira kafukufuku wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, linkati anthu amayamba kuvutika kwenikweni chiwerengerochi chikafika pa madesibelo 57. Pa mapu ankajambula mzere wozungulira bwalo, ndipo amene ali kunja kwa mzerewo ankaonedwa ngati alibe chodandaula. Chaka ndi chaka mzerewo unkabwerera mkati, akuluakulu a bwalo nkumati phokoso likuchepa.

Iwo sankanama. Ndege za masiku ano zilidi ndi phokoso lochepa kwambiri poyerekeza ndi Boeing 707 kapena Concorde, imene inkagwedeza mawindo a kumadzulo kwa London kuyambira 1976 mpaka 2003. Injini zamakono zili ndi chikupizo chachikulu kutsogolo chimene chimakankha mpweya wambiri pang'onopang'ono, m'malo mwa mpweya wochepa wotuluka mwaliwiro loopsa ngati kale. Bungwe loona za maulendo a pandege padziko lonse la ICAO lakhala likukhwimitsa malamulo a phokoso kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo ndege za jeti zakale zosokosa kwambiri zidaletsedwa m'maiko a European Union kuyambira mu 2002. Ngakhale tizinthu tating'onoting'ono tidakonzedwa. Ndege za mtundu wa Airbus A320 zinkalira mluzu wolasa m'khutu zikamatsika, ndipo zitafufuzidwa zidapezeka kuti mphepo inkawomba pa timabowo ta kunsi kwa mapiko, monga mwana amaimbira mluzu pouzira pakamwa pa botolo. Kachitsulo kakang'ono komatidwa kutsogolo kwa bowo lililonse kadathetsa mluzuwo.

Vuto ndi lakuti masamu a boma amalola kuti ndege iliyonse ikachepetsa phokoso ndi madesibelo 3, chiwerengero cha ndege chiwirikize kawiri popanda mzere wa pa mapu kusuntha. Khutu silimva kwenikweni madesibelo 3 amene achotsedwawo, koma limamva bwino lomwe kuti ndege imene inkadutsa pakapita mphindi zitatu tsopano ikudutsa pa mphindi imodzi ndi theka. Munthu samva phokoso logawidwa pa maola 16. Amamva ndege imene yamudula mawu pakamwa, kenako ina, kenakonso ina. Apa anthu odandaula, motsogozedwa ndi bungwe lawo la HACAN, adali ndi mfundo yoona, ndipo boma lidatenga nthawi yaitali kuti livomereze. Kafukufuku wa 2014 adapeza kuti anthu tsopano amavutika pa madesibelo 54 monga mmene ankavutikira kale pa 57, ndipo mu 2017 boma lidavomereza kuti mavuto amayamba kuoneka pa madesibelo 51. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidapitirira pamenepo mu 2018, polangiza kuti phokoso la ndege lisapitirire madesibelo 45 powerengera usana ndi usiku, ndiponso 40 usiku wokha.

Ndege za m'bandakucha

Palibe chimene chimakwiyitsa anthu a kumadzulo kwa London kuposa ndege za usiku. Pakati pa 11:30 usiku ndi 6 koloko m'mawa, Heathrow imaloledwa maulendo 5,800 pa chaka, pafupifupi 16 usiku uliwonse. Ambiri mwa maulendowa ndi a ndege zikuluzikulu zochokera kutali, zimene zimayamba kutera nthawi ikangokwana 4:30 m'bandakucha. Zimachokera ku Hong Kong, ku Singapore, ku Johannesburg ndi kwina kotero. Mmalawi amene wanyamuka pa Chileka kapena pa Kamuzu masana nkukasintha ndege ku Johannesburg, nthawi zambiri amafika ku London pa ndege ya m'mamawa yotereyi. Makampani amazikonda chifukwa wapaulendo amagona m'ndege nkufika pa nthawi yabwino yolumikizira ulendo wina kapena yolowera mumsonkhano. Kwa munthu wa pansi, imeneyi ndi nthawi imene tulo timakhala titapepuka, ndipo ndege yoyamba ikamudzutsa, zotsatira zake sizimulolanso kugona.

Kuyambira mu 1993 ndege iliyonse imapatsidwa mapointi molingana ndi phokoso lake, ndipo bwalo lili ndi mapointi owerengeka oti ligwiritse ntchito usiku pa nyengo iliyonse. Boeing 747-400 inkadya mapointi awiri ikatera, pomwe Airbus A380, ngakhale ndi yaikulu kuposa inzakeyo, imadya theka la pointi. Dongosololi lidakankhira makampani kugula ndege zabwinoko, koma silidachotse ndege ndi imodzi yomwe pa 4:30.

Anthu asanu ndi atatu okhala pafupi ndi bwaloli adakasuma ku khoti la ufulu wachibadwidwe la ku Ulaya ku Strasbourg, pa mlandu wodziwika ndi dzina la Hatton. Adayenera kupita kutali chotero chifukwa malamulo a Britain, kuyambira mu 1920, salola munthu kusumira ndege chifukwa cha phokoso ikamauluka motsatira malamulo. Mu 2001 khotilo lidawakomera, ponena kuti boma lidaphwanya ufulu wawo wokhala mwamtendere pakhomo. Boma lidachita apilo, ndipo mu 2003 oweruza 12 mwa 17 adatembenuza chigamulocho, nati boma lidalinganiza mokwanira tulo ta anthu ndi chuma cha dziko. Mabwalo ena akuluakulu adasankha mosiyana. Ku Frankfurt ndege siziloledwa kuyambira 11 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa chiyambire 2011, ndipo ku Sydney chiletso chimayamba 11 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa.

Thupi ndi sukulu

Anthu ambiri okhala pansi pa njira ya ndege amanena kuti adazolowera. Maganizo amazoloweradi, koma thupi limapitirizabe kudzidzimuka. Ndege ikadutsa munthu ali m'tulo, mtima umagunda mofulumira ndipo magazi amathamanga, ngakhale iye asadzuke. Mu 2013 akatswiri a ku Imperial College London adafalitsa m'magazini ya BMJ kafukufuku wokhudza anthu 3.6 miliyoni okhala mozungulira Heathrow. Adapeza kuti m'madera a phokoso lalikulu kwambiri, mwayi wogonekedwa m'chipatala chifukwa cha sitiroko udali wokwera ndi 24 pa 100 alionse, ndipo wa matenda a mitsempha ya mtima ndi 21 pa 100 alionse, poyerekeza ndi madera abata. Akatswiriwo adachenjeza kuti zinthu zina, monga kusuta fodya ndi kadyedwe, zikhoza kukhala ndi mbali yake. Komabe zotsatira zofanana nazo zidapezekanso pa mabwalo a ku America ndi ku Ulaya.

Za ana umboni wake ndi wolimba kwambiri. Mu 1992 mzinda wa Munich udatseka bwalo lake lakale la Riem nkutsegula latsopano kwina, ndipo akatswiri adayeza ana a mbali zonse ziwiri bwalo lisanasamuke komanso litasamuka. Ana a pafupi ndi bwalo lakale adayamba kuchita bwino pa kuwerenga ndi kukumbukira, pomwe a pafupi ndi latsopano adabwerera m'mbuyo. Kafukufuku wina, wotchedwa RANCH, amene adatuluka mu 2005, adayeza ana oposa 2,800 a zaka 9 ndi 10 m'masukulu 89 oyandikana ndi mabwalo a Heathrow, Schiphol ndi Barajas. Ku Britain, madesibelo 5 alionse owonjezereka ankachedwetsa mwana pa kuwerenga ndi miyezi yofika iwiri.

Mmene izi zimachitikira sizovuta kuziona. Mphunzitsi wa ku Hounslow amayamba chiganizo, ndege nkufika, iye nkukhala chete masekondi angapo, ndipo pomwe akuyambiranso ana ena maganizo apita kale kwina. Mwana amene akuphunzira kusiyanitsa malembo ndi kamvekedwe kake amataya zambiri pa kadukidwe kotere, makamaka ngati Chingerezi si chiyankhulo cha kwawo, monga zilili ndi ana ambiri a m'derali. Pa sukulu ya ana aang'ono ya Hounslow Heath adamanga pabwalo losewerera tinyumba tozungulira ta makoma ochindikala a dothi, toti ana azilowamo akafuna kumvana poyankhula. Bwalo la ndege lidathandiza ndi ndalama kuti masukulu ena amangenso totere. Limalipiranso mawindo a magalasi awiri m'nyumba ndi m'masukulu a m'dera la phokoso lalikulu, koma mawindowo amathandiza pokhapokha ali otseka, ndipo m'chilimwe nyumba yotsekedwa imatentha.

Mu Epulo 2010, phiri la Eyjafjallajökull litaphulika ku Iceland, ndege sizidauluke ku Britain kwa masiku pafupifupi 6. Anthu ambiri a kumadzulo kwa London adanena kuti ndi pomwe adazindikira kukula kwa phokoso limene ankaganiza kuti adalizolowera. Zotere zidachitikanso mu 2020, ndege zitachepa kwambiri pa nthawi ya mliri wa Covid-19.

Ndani asenze?

Si onse oyandikana ndi Heathrow amene amadana nayo. Anthu oposa 70,000 amagwira ntchito pabwaloli, ndipo ambiri amakhala ku Hounslow, Feltham, Southall, Hayes ndi Slough, madera amene muli mabanja ambiri ochokera ku Asia ndi ku Africa. Wonyamula katundu, wophika zakudya za m'ndege kapena woyendetsa basi ya pabwalo amadzutsidwa ndi ndege yomweyo imene imamulipira lendi. Mawu omveka kwambiri pa madandaulo kawirikawiri amachokera ku madera olemera ngati Richmond, kumene anthu ali ndi nthawi, maloya ndi aphungu owamvera, pomwe amene phokoso limawagwera kwambiri ali kufupi ndi mpanda wa bwalo.

Luso latsopano labweretsa funso lovuta. Kale ndege zonyamuka zinkamwazikana m'kanjira kotambalala makilomita atatu mpaka zitakwera mamita pafupifupi 1,200. Masiku ano, poyendera masetilaiti, zikhoza kudutsa pa mzere umodzi weniweni, pamwamba pa madenga omwewo tsiku ndi tsiku. Kutero kumachepetsa chiwerengero cha anthu osokosedwa, koma ochepa otsalawo amalandira zonse. Heathrow itayesa njira zotere mu 2014, anthu a ku Ascot ndi Teddington adadandaula kwambiri moti kuyesako kudathetsedwa nthawi isanakwane. Kompyuta ikhoza kujambula njira iliyonse imene yauzidwa, koma kusankha pakati pa kuunjika phokoso pa anthu ochepa ndi kuligawa kwa ambiri ndi nkhani ya chilungamo, yofunika kuti okhudzidwawo afunsidwe njira isanajambulidwe. Mizinda imene ikukulira cha ku mabwalo ake a ndege, monga Blantyre ikufalikira cha ku Chileka, ili ndi mwayi umene London idautaya, wosankha malo omanga nyumba ndi masukulu ndege zisanachuluke.

Pamwamba pa zonsezi pali nkhani ya msewu wachitatu. Boma litavomereza mu 2001 kuti pamangidwe nyumba yatsopano ya apaulendo ya Terminal 5, lidaika malire a maulendo 480,000 pa chaka, ndipo bwaloli lidayandikira malirewo kalekale. Boma la Gordon Brown lidavomereza msewu wachitatu mu 2009, la David Cameron nkuukana mu 2010. Komiti yotsogozedwa ndi Howard Davies idaulimbikitsanso mu 2015, itaika mfundo yakuti ndege za usiku ziletsedwe. Nyumba ya Malamulo idavomereza mu Juni 2018 ndi mavoti 415 kwa 119. Khoti la apilo lidaimitsa ndondomekoyo mu Febuluwale 2020 pa zifukwa za kusintha kwa nyengo, koma khoti lalikulu kwambiri la dzikolo lidatembenuza chigamulocho mu Disembala chaka chomwecho. Mu Januwale 2025 nduna ya zachuma, Rachel Reeves, idalengeza kuti boma likufuna msewuwo umangidwe.

Ukamangidwa, maulendo adzapitirira 700,000 pa chaka. Nyumba zoposa 700 zidzagwetsedwa, mudzi wa Longford udzatheratu pamodzi ndi mbali yaikulu ya Harmondsworth, ndipo Sipson idzatsala kumapeto kwenikweni kwa msewu watsopanowo. Madera amene sadasokosedwepo adzalowa pansi pa njira zatsopano. Kwa amene ali kale pansi pa njira zakale, nkhawa yaikulu ndi ya mpumulo wa 3 koloko, chifukwa pa misewu itatu umodzi uyenera kumalandira ndi kunyamutsa ndege nthawi imodzi, ndipo pa mapulani amene adaperekedwa, nthawi yopuma ya madera ambiri idzatsika kuchoka pa theka la tsiku kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu.